Njinga Zamoto Zakale Zibwerere M'fumbi

Kuchiyambi kwa chaka cha 2025, mumzinda wa Las Vegas m'dziko la America, njinga yamoto yotchedwa Cyclone inagulitsidwa pa okushoni pamtengo wa madola 1,320,000. Njingayi inapangidwa m'chaka cha 1915 mumzinda wa St. Paul m'chigawo cha Minnesota, ndipo aka kanali koyamba kuti njinga yamoto ipitirire madola miliyoni imodzi pamalonda apoyera otere. Okonda njinga zakale ambiri anasangalala nati tsopano dziko lazindikira kufunika kwa zinthu zamakedzana. Komatu pali funso limodzi limene chisangalalocho chinakwirira: kodi njinga yogulidwa ndi chuma chochuluka chotere ingadzalawenso fumbi? Amisiri amene anaisula anaipangira liwiro, koma mtengo umene yaugwirawu ndi unyolo woimangirira m'chipinda momwe ntchito yake idzangokhala kupukutidwa ndi kansalu kofewa.

Mchitidwe wotsekera njinga zakale zampikisano m'zipinda zamagalasi ngati chuma chodikira kukwera mtengo ndi wolakwika, ndipo uyenera kudzudzulidwa popanda kupsatira mawu. Anthu ochita zimenezi amadzitcha osunga mbiri, chonsecho akupha chinthu chomwecho chimene akuti akuchisunga. Njinga yampikisano imene yakonzedwa mpaka kuwala ngati kalilole, koma injini yake siliranso, ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wosunga mbiri weniweni ndi mmisiri uja wamanja akuda ndi oyilo, amene amatola chiphakasa cha njinga m'khola la mahatchi, nachidzutsa, kenaka nachibwezera pabwalo ladothi pomwe chinabadwira.

Kuti mfundoyi imveke bwino, nkofunika kuona kaye gwero la masewerawa. M'zaka zoyambirira za m'ma 1900, mipikisano yambiri ya njinga zamoto ku America inkachitikira pamabwalo amatabwa opendekeka kwambiri. Mabwalowa anali oopsa zedi. M'chaka cha 1912, ku Newark m'chigawo cha New Jersey, katswiri wotchedwa Eddie Hasha analephera kuwongolera njinga yake nakalowa m'khamu la oonerera, ndipo iye, wokwera mnzake ndi oonerera angapo anafa. Ngozi zotere, pamodzi ndi kukwera mtengo kwa matabwa omwe ankawola msanga, zinachititsa kuti mipikisano isamukire pamabwalo adothi. Mabwalo oterewa analipo kale m'matauni ambiri, poti ankathamangitsirapo mahatchi panthawi ya zionetsero zaulimi. Motero masewerawa anakulira pakati pa alimi ndi amakanika, anthu wamba odziwa khasu ndi sipanala.

Bungwe loyang'anira masewera a njinga zamoto la American Motorcyclist Association, lomwe mwachidule limatchedwa AMA, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1924. Chuma cha dzikolo chitalowa pansi m'zaka za m'ma 1930, bungweli linayambitsa gulu la mpikisano lotchedwa Class C, momwe munkaloledwa njinga zofanana ndi zogulitsidwa m'sitolo. Mnyamata ankatha kukwera njinga yake kuchokera kunyumba, kufika pabwalo, kuchotsa nyali, ndi kupikisana ndi anzake. Kumeneko ndiko kunabadwira mkangano wotchuka wa pakati pa Harley-Davidson ya ku Milwaukee ndi Indian ya ku Springfield m'chigawo cha Massachusetts. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, okwera atatu a njinga za Indian Scout, omwe ndi Bobby Hill, Bill Tuman ndi Ernie Beckman, anazunguza anzawo pamabwalo ambiri, ngakhale kuti fakitale ya Indian inali ikupita kokatsekedwa m'chaka cha 1953. M'chaka cha 1954 munayamba ndondomeko yopezera katswiri wa dziko lonse powonkhetsa mapointi a mipikisano yambiri, ndipo woyamba kupambana anali Joe Leonard. Mbiri yonseyi ikuonetsa poyera kuti masewerawa ndi a anthu wamba. Tsono nchifukwa ninji zida zake lero zisanduke zokongoletsera nyumba za mpondamatiki?

Kakweredwe ka njinga zimenezi nako nkodabwitsa, ndipo sikangaphunziridwe poyang'ana pagalasi. Bwalo limakhala lozungulira motalikirapo ngati dzira, ndipo okwera amakhotera kumanzere kokhakokha. Pali mabwalo aafupi, a theka la mailo, ndi a mailo yathunthu, yomwe ndi makilomita 1.6, palinso mtundu wina wotchedwa TT, womwe uli ndi ngodya yokhotera kumanja ndi chitunda cholumpha, monga bwalo la ku Peoria m'chigawo cha Illinois. Pamabwalo ozungulira njinga sikhala ndi buleki yakutsogolo, ndipo mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 inalibenso yakumbuyo. Pabwalo la mailo yathunthu, monga la ku Springfield m'chigawo cha Illinois, liwiro limafika makilomita oposa 200 pa ola. Wokwera akafika pangodya amapendeketsa njinga, nalola tayala lakumbuyo kutererekera kunja, ndipo kuterereka kumeneko ndiko kumachepetsa liwiro ndi kukhotetsa njingayo. Phazi lamanzere, lomwe limavekedwa nsapato yachitsulo, limakhwekhwereza pansi ngati mwendo wachitatu, pamene dzanja lamanja likuwonjezera kapena kuchepetsa moto molingana ndi mmene dothi likugwirira. Luso limeneli limakhala m'thupi la munthu, m'chiuno, m'phazi ndi m'khutu. Njinga ikaleka kuthamanga, lusolo limasowa pokhala.

Ngakhale maonekedwe a njingazo anaumbidwa ndi dothi lomwelo. Chitsanzo chabwino ndi Harley-Davidson XR-750. Kwa zaka zambiri malamulo a AMA ankalola mainjini okhala ndi mavavu m'mbali kukula mpaka 750cc, pamene okhala ndi mavavu pamwamba, monga a njinga za ku Britain za Triumph ndi BSA, ankalekezera pa 500cc. Lamuloli litasinthidwa m'chaka cha 1969 kuti onse afike 750cc, njinga yakale ya Harley yotchedwa KR inatha mphamvu. Kampaniyo inatulutsa XR-750 m'chaka cha 1970, koma injini yake yachitsulo inkatentha mopitirira muyeso nimafa mpikisano uli m'kati. Gene Romero anapambana ukatswiri wa chaka chimenecho pa Triumph, ndipo Dick Mann anatenga wa 1971 pa BSA. Manyazi amenewa ndiwo anakakamiza amisiri kupanga injini ya aluminiyamu m'chaka cha 1972, yokhala ndi makabuleta awiri kumanja ndi mipope yotulutsira utsi kumanzere. Njinga imeneyi inadzapambana ukatswiri wa dziko koposa ka 25, ndipo Scott Parker yekha anatenga ukatswiriwo ka 9 pakati pa 1988 ndi 1998. Chilichonse pa njingayi chili ndi chifukwa chake. Giya ndi buleki zonse zili kuphazi lamanja poti lamanzere limakhala pansi. Mlendo woiona itaima m'chipinda angaganize kuti amisiri anasokoneza; woiona ikukhota pangodya amamvetsa nthawi yomweyo.

Nanga ntchito yodzutsa njinga yakale imayenda bwanji? Mmisiri amayamba ndi kuphwasula chilichonse mpaka kabawuti kotsiriza. Amayeza felemu kuti aone ngati inapindika, nafufuza ming'alu yobisika pansi pa penti. Amapala masilinda, nasakasaka mapisitoni olingana nawo. Amapera mavavu kuti atseke osasiya mpata. Amalukanso masipoko a magudumu limodzilimodzi. Amakulunganso waya wa magineto kuti moto ubwerere. Chipangizo chikasowa, poti fakitale yake inatsekedwa kalekale, amachisula yekha pamakina, kutengera chakale chothyokacho. Ntchitoyi imadya miyezi, mwinanso zaka, ndipo imafuna mtima wa munthu wodziwa kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Tsono mayeso a ntchito yonseyi ndi amodzi okha: injini ilire, njinga ithamange, ipirire kutentha ndi fumbi. Mmisiri amene njinga yake sinayesedwe pabwalo ali ngati woumba mbiya amene sanathiremo madzi; sadziwa ngati ikudontha.

Chifukwa choyamba chotsutsira kutsekera njinga m'zipinda nchakuti makina ongokhala amawonongeka mwakachetechete. Petulo wotsalira m'kabuleta amauma nasanduka ulimbo wotseka timabowo. Oyilo amatsikira pansi nasiya makoma a silinda opanda chowateteza, ndipo chinyezi chimabala dzimbiri. Timphira totseka mipata timauma ndi kung'ambika, matayala amachita ming'alu, magineto amafooka. Patapita zaka khumi, mwini wake amakhala akunyadira chigoba chowala pomwe m'kati mwafa. Njinga yoyendetsedwa kawirikawiri imatha ndithu, koma kutha kwake kumaonekera, ndipo kumakonzedwa nthawi ikadalipo. Khasu lolimira limaperepeseka koma limawala. Lopachikidwa kudenga limadyedwa ndi dzimbiri mwini wake ali mtulo.

Chifukwa chachiwiri, chomwenso nchachikulu, nchakuti nzeru zimafa pamodzi ndi ntchito yake. Njinga za m'zaka za m'ma 1940, monga Indian Scout ndi Harley WR, zimasinthidwa giya ndi dzanja pamene kalachi imapondedwa ndi phazi. Kudziwa kuilowetsa pangodya njinga yotere popanda buleki, kudziwa kutchera kabuleta molingana ndi nyengo, kudziwa kusankha giya poona mtundu wa dothi, zonsezi sizinalembedwe mokwanira m'buku lina lililonse. Zili m'mitu ya nkhalamba zimene zikutha chaka ndi chaka. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo limathandiza pokhapokha achinyamata akamafikako. Malo okumanirana nkhalamba ndi mnyamata ndi kuseri kwa bwalo, komwe njinga yakana kulira mpikisano utatsala pang'ono kuyamba, ndipo wamkulu akuloza ndi chala pomwe pali vuto. M'chipinda chamagalasi simukhala vuto, choncho simukhalanso phunziro. Ng'oma imene yapachikidwa pakhoma ikhoza kukhala zaka zana, koma ovina ake akatha, chotsalacho ndi chikopa ndi mtengo basi.

Chifukwa chachitatu nchakuti kukonzera njinga maso a ogula kumabala bodza. Njinga zampikisano zinali zida zantchito. Zinkapentedwa mwachangu, zinkawotchereredwa usiku m'galaja, ndipo thanki yake inkakhala ndi zipsera za maondo ndi miyala. Wofuna mtengo wokwera amafafaniza zipsera zonsezi, napaka zonyezimira pomwe fakitale sinapakepo, mpaka njingayo imaoneka bwino kuposa tsiku limene inatuluka m'fakitale. Mwana wodzaiona adzakhulupirira kuti makolo ake ankathamangitsa zidole zonyezimira, pomwe zoona zake nzakuti ankalimbana ndi zitsulo zotentha, zodontha oyilo. Kufafaniza chipsera ndi kung'amba tsamba la mbiri.

Chifukwa chachinayi chikukhudza chilungamo. M'chaka cha 2018 njinga ya Vincent Black Lightning ya 1951 inagulidwa madola 929,000, ndipo m'chaka cha 2023 Harley-Davidson ya 1908 inagulidwa madola 935,000. Mitengo yotere ikamveka, aliyense amene ali ndi chiphakasa kuseri kwa nyumba amayamba kulota chuma, ndipo ngakhale zipangizo zing'onozing'ono zimakwera mtengo. Mnyamata wophunzira umakanika, amene akanadzutsa njingayo ndi kuithamangitsa, amabwerera chimanjamanja, pamene munthu wosadziwa ngakhale kuiliza amaitenga nakaitsekera. Masewera amene anayambitsidwa kuti mmphawi apeze mpata asanduka msika wa olemera okhaokha.

Otsutsa mfundozi ali ndi mayankho awo, ndipo nkoyenera kuwamvera. Iwo amati ng'oma yolira sikhalira kung'ambika: njinga yosowa ikagwa pabwalo, kapena injini yake ikaphulika, dziko lataya chinthu chosabwezeka. Mawuwa ali ndi nzeru, koma akuiwala kuti chipinda nacho si linga. M'mwezi wa September chaka cha 2003, moto unabuka ku National Motorcycle Museum pafupi ndi mzinda wa Birmingham ku England, nuwononga njinga pafupifupi 380 tsiku limodzi. M'mwezi wa January chaka cha 2021, nyumba ina yosungiramo njinga zakale pamwamba pa mapiri a ku Austria, yotchedwa Top Mountain, inapsa pamodzi ndi njinga zoposa 200. Palibe mpikisano umene unawonongapo njinga zochuluka chotere nthawi imodzi. Ndipo amene anadzutsanso zambiri mwa njinga zopsa za ku Birmingham ndi amisiri, anthu amene luso lawo linali lamoyo chifukwa cholimbana ndi makina akale tsiku ndi tsiku. Chitetezo chenicheni cha njinga yakale ndi kupezeka kwa anthu odziwa kuikonza.

Otsutsawo amanenanso za ngozi, ndipo apa palibe chobisa. Mpikisano wa padothi umapha. M'chaka cha 2016, pabwalo la ku Santa Rosa m'chigawo cha California, okwera awiri achinyamata anataya miyoyo yawo chifukwa cha ngozi za tsiku limodzi. Munthu wonyozera imfa zotere alibe umunthu. Komabe yankho la ngozi ndi kukhwimitsa chitetezo: zipewa zolimba zamakono, zovala zachikopa, zotchinga zofewa m'mphepete mwa bwalo, kuyendera njinga iliyonse isanaloledwe, ndi kugawa okwera m'magulu molingana ndi msinkhu wa njinga zawo kuti ya 1940 isapikisane ndi ya 1980. Wokwera wamkulu amene wasankha masewerawa akudziwa chimene akuchita, pakuti walira mvula walira matope. Chodabwitsa nchakuti ambiri mwa olankhula za ngozi sadera nkhawa fupa la wokwera ayi. Nkhawa yawo ili pa penti ya thanki ndi mtengo wa pa okushoni.

Nkhani ya Kenny Roberts ikutsimikiza kuti ngakhale njinga yosowa kwambiri ingathe kubwerera m'fumbi. M'chaka cha 1975, poona kuti Yamaha yake ikulephera kulimbana ndi ma XR-750, Roberts anakwera njinga yoikidwa injini ya TZ750 ya masilinda anayi, yomwe inapangidwira mipikisano ya patala. Pabwalo la mailo yathunthu la ku Indianapolis anadutsa Corky Keener ndi Jay Springsteen pafupi penipeni ndi mzere womalizira napambana. Njingayo inali yolusa kotero kuti mwini wakeyo anadandaula kuti malipiro ake sankalingana ndi kuopsa kwake, ndipo AMA inailetsa pasanapite nthawi. Ngati pali njinga yoyenera kutsekeredwa m'galasi, ndi imeneyi. Koma m'chaka cha 2009, Roberts ali ndi zaka 57, anaikweranso pabwalo lomwelo pamaso pa khamu la anthu, naitererekesa pangodya monga kale. Achinyamata amene anabadwa 1975 itadutsa anamva ndi makutu awo kulira kumene ankangokumva m'nthano. Mphindi zochepa zimenezo zinaphunzitsa zambiri kuposa zaka makumi atatu za kuima chilili.

Njira yabwino ilipo kale, ndipo ena akuitsata. Bungwe la American Historic Racing Motorcycle Association limakonza mipikisano ya njinga zakale, kuphatikizapo ya padothi, m'zigawo zosiyanasiyana za America. Nyumba yosungiramo njinga ya Barber m'chigawo cha Alabama, yomwe ili m'gulu la zazikulu kwambiri padziko lonse, inamangidwa pambali pa bwalo la mpikisano, ndipo chaka ndi chaka imachititsa chikondwerero momwe njinga zakale zimathamanga. Ku Maggie Valley m'chigawo cha North Carolina, malemu Dale Walksler anakhazikitsa nyumba ya Wheels Through Time, yomwe inatchuka chifukwa choliza njinga zake alendo akuona. M'chaka cha 2010 munayambanso ulendo wa Motorcycle Cannonball, pomwe njinga zopangidwa chisanafike chaka cha 1916 zinadutsa dziko lonse la America kuchokera kunyanja ya kuvuma kukafika kunyanja ya kuzambwe. Okwerawo ankakonza njinga zawo usiku ndi kupitiriza ulendo m'mawa. Zonsezi zikuonetsa kuti kusunga ndi kugwiritsa ntchito zingathe kuyendera limodzi.

Nzoona kuti pali njinga zowerengeka zimene zatsala imodziimodzi padziko, kapena zimene zitsulo zake zatopa kotero kuti sizingapirire mpikisano weniweni. Zoterezi palibe akuzikakamiza kulimbirana chikho. Komabe ngakhale izo ziyenera kulizidwa, kutenthetsedwa, ndi kuzungulira bwalo mofatsa kamodzi pachaka anthu akuona. Zina zonse, zomwe ndi zikwizikwi, zibwerere pamzere woyambira. Ogula njinga zakale amene sangathe kuzikwera azibwereke kwa odziwa. Oweruza pazionetsero aleke kupereka mphoto kwa njinga imene yakana kulira. Mabungwe a masewerawa achepetse ndalama zolowera kwa achinyamata obwera ndi njinga zodzikonzera okha, ndipo amisiri achikulire atsegule zitseko za magalaja awo kwa ophunzira, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Amisiri a ku St. Paul, ku Springfield ndi ku Milwaukee sanagone tulo pofuna kuti njinga zawo zipambane Lamulungu masana pamaso pa alimi odzaza bwalo. Ulemu woyenera anthu amenewa ndi kulola ntchito ya manja awo ichite chimene anaipangira. Mbadwo ukudzawo sudzafunsa kuti njinga ya agogo inagulidwa madola angati. Udzafuna kudziwa mmene inkalirira, mmene inkanunkhira, ndi mmene munthu ankaikhotetsera popanda buleki. Mafunso amenewa adzayankhidwa pabwalo ladothi, ngati padzakhale njinga yolira ndi munthu wodziwa kuikwera.